Kunenerera kwa ku Joni n'kwa pa pepala: momwe ndinagulira Toyota 86

Ndalama yoyamba imene ndinataya pa nkhani ya galimoto kuno ku Joni inali R5,000, ndipo galimoto yake sindinaiyendetse ngakhale kufika pa geti. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa zabwino zonse zimene ndinachita pambuyo pake zinachokera pa bala limeneli.

Ndimakhala ku Rosettenville, ndimagwira ntchito ya zamagetsi m'mafakitale a ku Germiston, ndipo kwa zaka zambiri mtima wanga unali pa galimoto yaliwiro, yaifupi, ya zitseko ziwiri. Ndikudziwa zimene anthu akwathu amanena. Amati munthu wanzeru amagula lole kapena minibasi yoti izikabweretsa ndalama kumudzi. Sindikutsutsa. Koma nyumba ya ku Ntcheu ndinali nditafolera kale, fizi ya ana ndinkalipira pa nthawi yake, ndipo mayi akunyumba anali atavomera. Chomwe ndinalibe chinali nzeru yogulira.

Loweruka lina ndinaona pa Facebook galimoto yofiira, mtengo wake wotsika kuposa zinzake zonse. Ndinapita ndekha. Wogulitsa anaona momwe ndinkaizungulira, momwe ndinkaisisitira, n'kundiuza kuti pali bambo wina akuchokera ku Pretoria kudzaitenga masana omwewo, ndiye ngati ndikuifunadi ndisiye dipoziti. Ndinasiya. Lolemba ndinapitanso ndi alamu anga, amene akhala makaniko kwa zaka zoposa makumi awiri ku Booysens. Iwo sanatsegule ngakhale boneti. Anapempha pepala la kalembera wa galimoto, lija amati la NaTIS, n'kundilozera pamzere umodzi. Galimotoyo inali ya Code 3.

Kwa amene simudziwa, kuno galimoto iliyonse ili ndi nambala yosonyeza mbiri yake. Code 1 ndi yatsopano, Code 2 ndi yogwiritsidwapo ntchito, Code 3 ndi imene inafufutidwa m'kaundula, kawirikawiri chifukwa cha ngozi yoopsa, kenako n'kumangidwanso. Code 4 ndi yakufa yeniyeni, yongotengako masipeyala. Ya Code 3 ikhoza kuyenda bwinobwino, koma a inshuwalansi ambiri amaiopa, mabanki sakonda kupereka ngongole pa iyo, ndipo tsiku limene mudzafune kuigulitsa mudzalira. Nditapempha ndalama yanga, wogulitsa uja anandionetsa risiti imene ndinasaina ndekha, yolembedwa m'munsi mwake ndi tizilembo tating'ono kuti dipoziti sibwezedwa. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pobwerera alamu anandiuza mawu amene ndawasunga. Anati, "Alamu, inu mumanenerera ngati muli pa Lizulu kugula mbatata. Kumeneko mumati amayi tsitsaniko, ndachokera kutali, n'kukutsitsirani chifukwa cha chisoni. Kuno chisoni kulibe. Randi iliyonse imene mukufuna achotse, muionetse chifukwa chake ndi chala, ndipo ilembedwe."

Ndinakhala miyezi itatu osapitanso pa malo ogulitsira magalimoto. Ndinasankha mtundu umodzi wokha, Toyota 86 ya giya ya pamanja, n'kuleka kuyang'ana zina zonse. Galimoto imeneyi inayamba kugulitsidwa mu 2012, Toyota anaipanga mogwirizana ndi Subaru, injini yake ndi ya malita awiri yopanda turbo, ndipo imakoka ndi matayala akumbuyo. Ndinagula kope la ana asukulu. Madzulo aliwonse ndinkatsegula masamba a pa intaneti otsatsa magalimoto, AutoTrader ndi Cars.co.za, n'kulemba 86 iliyonse ya m'chigawo chathu cha Gauteng: chaka chake, makilomita, mtengo, ndi tsiku limene ndinaiona koyamba. Tsikulo ndilo linadzandithandiza kuposa zonse. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinadziwa zimene zimatuluka msanga ndi zimene zangokhala zikudya fumbi. Galimoto yokhalitsa pabwalo imamupweteka mwini bizinesi, chifukwa ambiri a iwo amagula katundu wawo ndi ngongole imene imabala chiwongola dzanja tsiku ndi tsiku.

Ndinalipiranso kandalama kochepa kuti ndione mitengo ya m'buku la TransUnion, limene ogulitsa magalimoto, mabanki ndi a inshuwalansi amagwiritsa ntchito. Mumakhala mitengo iwiri. Wa trade ndi umene wogulitsa amayembekezera kugulira galimoto kwa munthu, wa retail ndi umene amayembekezera kukugulitsirani inu. Kunenerera konse kumachitikira pakati pa manambala awiri amenewa. Mukatchula mtengo wotsika kuposa wa trade, wogulitsa amadziwa kuti simukudziwa kanthu ndipo amasiya kukumverani. Mukavomera wa retail osayang'ana zilema za galimotoyo, mwalipira mtengo wa galimoto yangwiro pa galimoto yodwala.

Zinthu ziwiri ndinakonzeratu ndisanapite. Choyamba ndinaimbira makampani atatu a inshuwalansi kufunsa kuti angandilipiritse zingati pa mwezi, chifukwa galimoto yaliwiro ikhoza kukhala yotheka kugula koma yosatheka kusunga. Anandifunsa za laisensi yanga, komwe galimoto izigona usiku, ndipo ena anafuna kuti ndiikemo tracker, kachipangizo kolondolera galimoto ikabedwa. Chachiwiri ndi Traffic Register Number. Ife obwera, amene tilibe chitupa cha unzika wa kuno, sitingalembetse galimoto m'dzina lathu popanda nambala imeneyi. Imatengedwa ku ofesi ya malaisensi ndi pasipoti, chilolezo chokhalira m'dziko muno, umboni wa komwe mukukhala ndi zithunzi. Ndaona anzanga akulembetsa galimoto m'dzina la mnzawo wa kuno pofuna kufupikitsa njira. Chonde musatero. Pa lamulo galimotoyo si yanu, ndipo ubwenzi umatha.

Galimoto imene ndinailondola inali yoyera, ya 2013, itayenda makilomita 112,000, pa mtengo wa R189,900. M'kope langa inali itakhala masiku oposa makumi asanu. Ndinaimba foni kunena kuti tibwera Loweruka m'mawa akangotsegula, ndipo asailize tisanafike. Alamu anaumirira pa zimenezi, chifukwa injini yotentha imabisa phokoso ndi utsi zimene yozizira imaulula. Panjira anandipatsa lamulo limodzi: "Mukafika musamwetulire, musaijambule, musanene kuti ndi yokongola. Muyankhule ndine ndikakufunsani."

Zimene ndinaona alamu akuchita m'mawa umenewo zinali sukulu. Anayamba ndi kugwira boneti kuti atsimikize kuti ndi yozizira. Anayerekeza VIN, nambala yodziwira galimoto imene siifanana ndi ya ina iliyonse, ya pagalasi, ya pathupi la galimoto, ya pa disiki ya laisensi ndi ya pa pepala. Anayang'ana mzere wa mwini ngongole pa pepala lija, chifukwa ngati pali dzina la banki ndiye kuti mwina galimotoyo idakali ndi ngongole. Kenako anagwada n'kuyang'ana m'mbali mwa galimoto motsata kuwala kwa dzuwa, kufuna penti yosiyana ndi mipata yosalingana ya zitseko. Ngozi sanaipeze, koma padenga ndi pa boneti panali timaenje ta matalala. Amene mwakhala ku Gauteng m'nyengo yamvula mukuwadziwa matalala akuno. Ena amayesa thupi la galimoto ndi maginito kuti apeze pamene anamata, koma pa boneti ya 86 maginito sagwira chifukwa ndi ya aluminiyamu, ndiye musanamize munthu pa zimenezo.

Matayala anatiuza zambiri. Akutsogolo anali abwino, akumbuyo atatha pafupifupi, ndipo anali a mitundu iwiri yosiyana. Galimoto yokoka ndi kumbuyo ikakhala choncho, mumadziwa kuti mwini wake ankakonda kuiseweretsa. Pa tayala lililonse pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka limene linapangidwa, mwachitsanzo 2318 ndi sabata ya 23 ya chaka cha 2018, ndipo ngakhale tayala looneka bwino likakalamba limauma. Alamu anasuzumira pansi kuona ngati inagundidwa ndi mahampu, popeza ndi yaifupi, anafufuza dzimbiri poopa kuti mwina inakhalapo kunyanja ku Durban, n'kuyang'ananso ngati paipi ya utsi ndi masipuling'i ndi zake zenizeni. Magalimoto aliwiro ambiri amakhala atasinthidwasinthidwa ndi anyamata, ndipo wogulitsa amakuuzani zimenezo ngati phindu. Kwa wogula si phindu. Ndi umboni woti galimotoyo yathamangitsidwa, ndiponso a inshuwalansi amafunsa.

Poyesa pamsewu, alamu anaiika giya yapamwamba ikuyenda pang'onopang'ono n'kuponda mafuta mpaka pansi. Kilachi sinaterereke, koma inkagwirira pamwamba kwambiri. Anangoti, "Iyi ili ndi chaka chimodzi, mwina osakwana." Ine nditagwira chiwongolero ndinaona ngati ilibe mphamvu imene ndinkayembekezera, n'kuyamba kukayikira injini. Anandikumbutsa kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya ndi wopepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya mphamvu kuno. Si matenda. Buku la sevisi linali ndi zidindo zonse kupatula yomaliza, imene inadumphidwa, ndipo mapulagi anali asanasinthidwe. Pa injini imeneyi masilinda anagona cham'mbali, awiri uku awiri uku, choncho kufikira mapulagi ndi ntchito yodya nthawi ndi ndalama.

Tsiku limenelo sitinakambe za mtengo. Ndinapempha kuti galimoto ikayezedwe ku DEKRA, kampani yoyeza magalimoto, ndi ndalama zanga, iwo anavomera, ndipo kuvomera kumeneko kunandipatsa chikhulupiriro. Wokana kuti galimoto yake ikayezedwe kwina wakuyankhani kale. Mukumbukire kuti roadworthy yokha sikwanira, chifukwa imangoona ngati galimoto ingayende pamsewu popanda kuopseza moyo, mabuleki, magetsi, matayala ndi zotero. Siikuuzani kuti kilachi yatsala pang'ono. Ndinaimbiranso malo ena ovomerezeka a Toyota n'kuwawerengera VIN, popeza mu 2018 Toyota ndi Subaru anaitanitsa ena mwa magalimoto amenewa opangidwa mu 2012 ndi 2013 kuti asinthe masipuling'i a mavavu. Anandiuza kuti pa imeneyi palibe ntchito yotsala. Safunsa anadya phula.

Loweruka lotsatira tinalowa mu ofesi. Mnyamata wogulitsa anali waulemu, anatipatsa khofi, ndipo funso lake loyamba linali lakuti ndingakwanitse zingati pa mwezi. Funso limeneli musaliyankhe. Mukangotchula za pamwezi, nkhani yachoka pa mtengo wa galimoto. Akhoza kukupatsani ndalama ya pamwezi imene mwatchulayo potalikitsa zaka za ngongole, kapena poika chimtolo chachikulu kumapeto chimene amati balloon, n'kupezeka kuti mwalipira zambiri kuposa poyamba. Ndinamuuza kuti tiyambe tagwirizana mtengo wonse, wa tsiku lotuluka nayo pa geti, ndipo aulembe pa pepala mzere ndi mzere. Sindinanenenso kuti ndalama ndili nayo kale m'banki. Kwathu tinazolowera kuti ndalama ya pamanja imatsitsa mtengo, koma kuno ogulitsa amapezanso kenakake kuchokera ku banki mukatenga ngongole kudzera mwa iwo, ndiye wobwera ndi ndalama yonse sawasangalatsa monga momwe tingaganizire.

Pepala litabwera, R189,900 ija inali itasanduka R206,500. Panali R5,500 ya zimene amati on the road, R8,900 ya walanti yowonjezera, yomwe ndi lonjezo lolipira zokonza galimoto ikawonongeka, ndi R2,200 ya pulasitiki yomata pa magalasi yoteteza kwa akuba oswa mawindo. Ndinafunsa mzere uliwonse kuti ndi wa chiyani ndipo ngati lamulo likundikakamiza. Walanti ndi pulasitiki zinali zofuna ine, ndinazikana, ndipo nditawerenga zikalata za walantiyo ndinapeza kuti zinthu zotha ndi ntchito monga kilachi sizilipiridwa. Za on the road anati ndi kulembetsa, nambala puleti, roadworthy, mafuta ndi kutsuka. Ndinapempha mtengo wa chilichonse pachokha. Apa mnyamata uja anayamba kuzengereza. Msonkho wa VAT, umene uli pa 15 peresenti, uyenera kukhala kale m'kati mwa mtengo wolengezedwa, ndiye wina akafuna kuuwonjezera pamwamba mudzuke.

Kenako ndinatulutsa kope langa. Ndinali nditapempha mitengo yolembedwa kuchokera m'magalaja: matayala awiri akumbuyo R4,600, sevisi yodumphidwa pamodzi ndi mapulagi R6,000, kilachi R11,000, kuwongola timaenje ta matalala R3,500. Zonse R25,100. Ndinaika mapepalawo patebulo pamodzi ndi lipoti la kuyeza kuja, ndinamuonetsa 86 zina zitatu za chaka chomwecho ndi mitengo yake, n'kunena kuti ndipereka R165,000. Nditanena ndinatseka pakamwa. Alamu anali atandichenjeza kuti ife Amalawi tili ndi vuto la ulemu: tikatchula mtengo, mnzathu n'kukhala chete, timachita manyazi n'kudzikweza tokha asanayankhe n'komwe. Chete ameneyo anali wautali, koma ndinapirira.

Mnyamata uja anapita kwa bwana wake, anakhalako mphindi khumi, n'kubwera ndi R184,000, za on the road zili pomwepo. Anati kilachi ikugwirabe ntchito ndipo sangalipire chinthu chosawonongeka. Pamenepa anali ndi mfundo, ndipo ndinavomereza poyera, chifukwa mukamakana chilichonse amakuonani ngati wongofuna mkangano. Ndinakwera kufika R174,000 zonse pamodzi. Anatsika kufika R182,000 koma za on the road anakana kuchotsa, kutanthauza R187,500. Malire anga, amene tinagwirizana ndi mayi akunyumba ndipo ndinawalemba pa tsamba loyamba la kope, anali R180,000. Ndinamuthokoza, ndinamusiyira nambala yanga, n'kumuuza kuti mtengo wanga ukhalapo mpaka kutha kwa mwezi. Anati pali munthu wina akubwera mawa. Mawu amenewa ndinali nditawagulapo kale ndi R5,000.

Kutuluka pa geti lija kunandipweteka kuposa momwe ndingafotokozere. Galimoto ndinkaifuna ndi mtima wonse, ndipo ndinadziwa kuti ikhozadi kugulidwa. Ndikufuna ndinene zoona apa: kuchoka si matsenga. Nthawi zina foni silira ndipo galimoto imapita. Ngati simunakonzeke kuitaya, musayerekeze kuchoka, chifukwa mukabwerera nokha mawa lake mtengo sudzasunthanso ngakhale ndi randi imodzi. Chimene chinandilimbitsa n'chakuti m'kope munali zina ziwiri zoti ndikaone.

Foni inalira patatha masiku asanu ndi anayi, kutatsala masiku awiri kuti mwezi uthe. Kumapeto kwa mwezi ogulitsa amawerengera magalimoto amene atulutsa, ndipo imodzi yowonjezera imakhala ndi tanthauzo kwa iwo. Tinagwirizana R179,000 zonse pamodzi, m'kati mwake muli roadworthy, kulembetsa m'dzina langa, ndi matayala awiri atsopano a mtundu umene ndinatchula ine. Sevisi, kilachi ndi matalala zinakhala zanga. Sindinama kuti ndinawachotsera R27,500, chifukwa gawo lina linali la zinthu zimene sindinazifune n'komwe. Chenicheni n'chakuti pa mtengo wolengezedwa panachoka R10,900, za on the road zinagwa, ndipo matayala ndinapata. Iwonso anapeza phindu lawo, ndipo n'koyenera. Mtengo wabwino si umene umam'bera wogulitsa.

Pa tsiku losaina ndinawerenga tsamba lililonse, ngakhale mnyamata uja ankayang'ana wotchi. Za matayala sizinalembedwe, ndinapempha zilembedwe ndi kukula kwake. Kiyi yachiwiri ndinaiyesa ndekha. Ndinapezanso mawu akuti voetstoots, amene amatanthauza kuti mwagula momwe ilili. Pogula kwa munthu wamba mawuwa ali ndi mano, koma pogula kwa wochita bizinesi ya magalimoto mumatetezedwa ndi Consumer Protection Act ya 2008. Gawo 56 la lamuloli limati katundu akapezeka ndi chilema m'miyezi isanu ndi umodzi, wogula akhoza kumubweza n'kusankha kuti akonzedwe, asinthidwe kapena abwezeredwe ndalama. Koma chilema chimene anakuuzani momveka n'kuchivomera simungadandaule nacho, n'chifukwa chake muwerenge bwino mndandanda wa zilema umene akusainitsani. Pa wanga panali matalala ndi kilachi, zimene ndinkazidziwa, ndipo mawu a voetstoots anawafufuta tonse n'kusainapo. Mukasemphana n'kulephera kumvana, kuli ofesi ya Motor Industry Ombudsman of South Africa, imene imamva madandaulo a ogula kwaulere, ndipo siisankha kuti ndinu obwera.

Ndalama ndinatumiza kudzera ku banki, mu akaunti ya dzina la kampani monga linalembedwera pa invoisi, nditafunsa manambala ake pamaso osati pa imelo kapena WhatsApp, popeza akuba amasintha manambala a akaunti m'makalata otere. Inshuwalansi inayamba tsiku lomwelo ndisanatuluke pa geti. Lamulo limapereka masiku 21 kuti galimoto ilembetsedwe m'dzina la wogula, ndipo roadworthy imagwira ntchito masiku 60 okha pa kulembetsako, choncho ndinkaimba foni mpaka pepala la NaTIS la dzina langa linafika m'manja mwanga.

Sevisi ndi mapulagi alamu anapanga sabata yomweyo, ndipo anakana ndalama ya ntchito, ndiye ndinawagulira thumba la mpunga wa Kilombero kwa amayi ena amene amabweretsa katundu wakumudzi pa basi. Timaenje ta matalala tilipobe padenga, sitindivuta. Kilachi inayamba kutereka mwezi wachisanu ndi chinayi, tikukwera chitunda pobwera ku tchalitchi. Alamu anali pampando wa pambali, anangomvetsera injini n'kunena kuti, "Lolemba muibweretse m'mawa." R11,000 yake inali ili padera m'banki kuyambira tsiku limene ndinasaina.